Fodya, mtedza ndi mbuzi zikundiitana nthawi imodzi: ndiyambe chiti?

Funso la lero lachokera kwa bambo wina wa kufupi ndi Mponela, m'boma la Dowa. Iwo alemba motere: "Ndimalima ekala imodzi ya fodya wa bale wa pa kontirakiti, maekala awiri a chimanga, theka la ekala la mtedza ndi kamunda ka soya. Ndili ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, mbuzi 7, nkhumba yaikazi imodzi ndi nkhuku. Ogwira ntchito tilipo atatu: ine, mayi a kunyumba ndi mphwanga. Ukafika mwezi wa Epulo mpaka Meyi ntchito imachita kutithithikiza. Chaka chatha mabelo awiri anabwezedwa, lina akuti nkhungu, lina kusakaniza. Mtedza unamera m'nthaka, ndipo pofika Okutobala mbuzi zinali mafupa okhaokha. Ndiyambe chiti? Kodi ndigulitseko mbuzi kuti ndilembe aganyu?"

Bambo, mavuto atatu mwatchulawa gwero lake ndi limodzi. Msika ukangotsegulidwa ku Kanengo mu Epulo, wailesi n'kuyamba kulengeza mitengo, banja lonse limasamukira m'chigafa. Mumadzukira komweko, nsima kukupezani komweko, kutuluka dzuwa litalowa. Fodyayo mumamusankha mothamanga, masana kukutentha, maso atatopa, choncho amatuluka wosakanizika. Pamene inu muli m'chigafa, mtedza ukupitirira kukhwima, soya akuthetheka, ndipo chakudya chomwe mbuzi zikanadya mu Okutobala chikuwolera m'munda. Mapeto ake fodya amene munamusiyira zonse uja nayenso sanakupindulireni.

Choyamba choti mugwiritse ndi chakuti fodya wouma bwino, wosungidwa bwino, amadikira. Misika ya ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu siitha sabata imodzi. Imayenda miyezi ingapo, kawirikawiri mpaka cha mu Ogasiti. Inu muli pa kontirakiti, kutanthauza kuti wogula alipo kale, ndipo tsiku lotumiza mabelo mumapangana ndi alangizi a kampani. Mtedza wokhwima ulibe chipiriro chotero. Soya nayenso ayi. Masangwi a mtedza akangonyowa kawiri ndiye kuti apita. Ndiye posankha ntchito yoyamba musafunse kuti chobweretsa ndalama zambiri n'chiti. Funsani kuti chimene chiwonongeke sabata ino, osabwezerekanso, n'chiti.

Chachiwiri, ntchitozi sizilimbirana maola amodzimodzi monga mukuganizira. Fodya wa bale ali ndi nthawi yake pa tsiku, ndipo nthawiyo ndi yaifupi. Mvula ikatha, mpweya umauma tsiku ndi tsiku. Tsamba lomwe lili pa mikangala limakoka chinyezi usiku, limakhala lofewa m'bandakucha mame ali gwa, kenako dzuwa likakwera limaumanso n'kumanyenyeka mukalikhudza. Wotsitsa fodya 11 koloko masana akupanga zinyenyeswa ndi manja ake omwe. Mtedza ndi udzu zimafuna zosiyana ndi zimenezi: mame akamuke kaye. Choncho tsiku limagawika lokha. Kuyambira tambala wachiwiri mpaka dzuwa litayamba kuluma, muli kwa fodya. Mame akakamuka, kumunda. Madzulo, ziweto. Anthu atatu angathe ndithu ngati asiya kukangana ndi nyengo.

Tiyambe ndi mtedza poti ndi umene unakupwetekani. Mukati unamera m'nthaka, ndikuganiza kuti munadzala mtundu wocha msanga monga Kakoma kapena Malimba. Mitundu imeneyi njere zake sizigona. Zikakhwima n'kupeza chinyezi cha mvula yomaliza ija, zimayamba kumera zili m'makoko. CG7 ndi Chalimbana sizimera msanga chotero, koma nazo zili ndi chilango chake: mukachedwa nthaka imauma gwa, timichira togwira mtedza timaduka, theka la zokolola n'kutsalira pansi kuti mbewa zikondwe. Musawerenge masiku okha. Zulani mapando angapo m'malo osiyanasiyana a munda, muswe makoko. Ngati ambiri mkati mwake mwada, muli timadontho takuda kapena tofiirira, kumbani mawa lomwe, ngakhale jeke yodindira mabelo itakhala kuti yabwera.

Mukakumba, usiyeni ufote masiku awiri kapena atatu mtedza utayang'ana kumwamba, kenako muusanje pa mulu wozungulira uja alangizi amati Mandela cock: mtedza kuloza mkati, masamba kunja, pakati kusiya mpata woti mphepo idutse, pamwamba kufolera ndi udzu. Ubwino wake kwa inu ndi uwiri. Mtedza umauma pang'onopang'ono osagona pa dothi lonyowa, choncho chuku sichilowa. Komanso mukausanja chotero ukhoza kukudikirani masabata angapo mpaka mutapeza mpata wothothola. Apa ndiye kuti ntchito yomwe sinkadikira mwaisandutsa yodikira, ndipo ndi luso lomwe nyengo ino imafuna. Pothothola ndi posenda musawaze madzi kuti makoko afewe. Chuku chimayambira pomwepo. Soya ndi wosavuta kulongosola: masamba akayoyoka, makoko n'kumalira mukagwedeza, mwetani m'mawa mame asanatheretu kuti asathetheke m'manja, muwunjike pa malo osesedwa, mudzapuntha tsiku lina.

Tsopano masangwi. Ambiri amawaona ngati zinyalala, koma pa munda wanu wonse palibe chakudya cha mbuzi choposa masangwi a mtedza owuma asanayoyoke masamba. Mapesi a chimanga amangodzaza mimba. Masangwi ndiwo amamanga thupi. Taganizirani mmene chaka cha mbuzi chimayendera kwanuko. Dzinja lonse zimakhala pa chingwe. Anthu akatha kukolola, amfumu n'kuloleza kumasula ziweto, atonde amakumana ndi mbuzi zazikazi, zambiri n'kutenga bere cha mu Meyi ndi Juni. Bere la mbuzi ndi miyezi isanu. Werengani nokha: zikuswa mu Okutobala kapena Novembala, nthawi yomwe tchire lapsa, dambo lauma, ndipo chobiriwira ndi masamba a mtengo okha. Mbuzi zanu zinaonda chifukwa zinkanyamula ana kapena kuyamwitsa pa mimba yopanda kanthu. Njala imeneyo inakonzedwa mu Meyi, tsiku lomwe masangwi anasiyidwa pa mzere.

Ndiye tsiku lothothola mtedza, ngolo isabwerere yopanda katundu. Masangwi onse, pamodzi ndi zotsalira za soya, zipite pa thandala lokwera, lofoleredwa, pomwe chiswe ndi mbuzi sizifika. Mapesi a chimanga muwatute mukangochotsa zisononkho, ng'ombe za m'mudzi zisanawapondeponde ndipo anyamata osaka mbewa asanayatse moto. Simututa onse ayi. Ena atsale aphimbe nthaka. Udzu wa m'malire ndi wa m'mphepete mwa dambo umwetedwe ukadali ndi kaubiriwiri, chifukwa ukafika pofiira uja umakhala wofolerera nyumba basi. Madeya a chimanga chomwe mukonole m'miyezi ikudzayi muziyanika bwino n'kusunga m'thumba. Ndipo mukasunga musayambe kupatsa mu Juni pamene ziweto zikukhuta zokha m'minda. Chakudyacho ndi cha Seputembala mpaka mvula, ndipo oyamba kudya ndi mbuzi za bere ndi ng'ombe zomwe zidzalime.

Malo osungira muli nawo kale. Chigafa chikatha fodya chimangokhala mpaka chaka chamawa. Sesani bwinobwino zinyenyeswa zonse za fodya, mukonze denga, muyikemo masangwi pa mikangala ya m'mwamba. Koma dikirani fodya atuluke yense. Udzu ndi fodya zisagonere pamodzi, chifukwa kaudzu kamodzi kopezeka m'belo n'kokwanira kukubwezetsani.

Chimanga sindichedwapo. Dulani, muyimike pa mikukwe, chidzauma chokha uku inu mukuchita zina. Chongofunika ndi kudziwa tsiku lomwe ziweto zimasulidwe m'mudzi mwanu, ndi kumayendera mikukwe kuona chiswe. Musathire mankhwala a anankafumbwe kapena kutsekera m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya, chisanaume. Tengani botolo lagalasi louma, muikemo chimanga chodzaza dzanja ndi mchere wouma pang'ono, mukhutchumule n'kulisiya kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chiyanikidwenso.

Tibwere kwa fodya, pomwe pali ndalama ndiponso pomwe panakupwetekani kawiri. Belo la nkhungu kawirikawiri limachokera ku zinthu ziwiri. China ndi mtsempha wapakati wa tsamba. Tsamba likhoza kuoneka louma, la mtundu wokongola, koma mtsempha wake kumtunda kuno ukadali wonenepa, wamadzi. Makamaka masamba a kunsonga, omwe munathyola komaliza ndipo ndi okhuthala. Upindeni pafupi ndi tsinde masana: wouma umati thyo, wosauma umangopindika ngati chingwe. Wotero abwerere pa mkangala, ngakhale mutakhala kuti mukusowa makilogalamu asanu kuti belo lidzaze. Chinacho ndi madzi owaza. Ndikudziwa chimachitika: mwachedwa kutsitsa, fodya wauma, ndiye wina amatenga tsache n'kuviika m'ndowa, kapena kupemerera ndi pakamwa. Ena amachitira dala kuti belo lilemere. Madzi otero salowa mofanana; pena pamanyowa kwambiri, ndipo mukadinda, belo limatentha mkati. Pofika ku okushoni, patapita masabata ali pa depoti ndi pa lole, mkati mwachita mbuu.

Kufewa koyenera kumazindikirika ndi dzanja. Fumbatani tsamba, mufinye pang'ono, mutambasule chikhatho. Likanyenyeka, lauma kwambiri. Likakhala chofumbatika chomwecho ngati nsanza yonyowa, lanyowa kwambiri. Lofunika ndi lomwe limadzitambasula lokha pang'onopang'ono osang'ambika, mtsempha wake uli wouma. Masiku omwe mpweya wauma zedi mwakuti ngakhale m'mawa tsamba silifewa, thirani madzi pansi pa chigafa madzulo, pa dothi, osati pa fodya, mutchinge mbali yochokera mphepo. Tsiku lomwe kwachita mitambo ndi kamvula kowaza ka mwera kaja ndi mphatso: tsitsani wochuluka, muwunjike pa thandala la matabwa kapena la nsungwi, muphimbe ndi ziguduli. Fodya wowunjikidwa bwino amasunga kufewa kwake masiku angapo, ndipo mungathe kumasankha pang'onopang'ono. M'mawa uliwonse pisani dzanja pakati pa mulu. Mukamva kufunda, phwasulani nthawi yomweyo, upite mphepo.

Za kusakaniza, wogula akamasolola fodya m'belo amayang'ana ngati masamba onse ali a malo amodzi pa mtengo, a mtundu umodzi, otalika mofanana, ndi opanda zilema mofanana. Tsamba lapansi ndi lopyapyala, lopepuka; lapakati ndi lalikulu, lotambasuka; lakunsonga ndi lokhuthala, lofiirira, lamphamvu. Ku fakitale lililonse lili ndi ntchito yake, n'chifukwa chake safuna kuwapeza pamodzi. Ntchito yaikulu ya kusankha imachepa ngati fodya wa kuthyola kulikonse anapachikidwa payekha ndipo akutsitsidwa payekha. Mukatero, theka la magiredi lasankhika kale. Chotsala ndi kupatula mtundu, kutalika, ndi kuchotsa obiriwira, akuda ndi ong'ambika. Sankhirani pa mthunzi powala bwino, kuwala kukuchokera mbali imodzi. Dzuwa lachindunji limanamiza maso, ndipo tochi kapena nyali usiku ndiye zoipiratu: wofiira ndi wachikasu amaoneka amodzi. Maola atatu a m'mawa maso ali atsopano amaposa tsiku lathunthu.

Ekala imodzi mabelo ake ndi owerengeka, choncho mayesero odzazitsa belo ndi fodya wa giredi ina amakula. Kanani. Belo lopepukirapo koma loyera limagulidwa. Lolemera koma losakaniza limabwerera, inu n'kulipira kulikonzanso, kudikiranso, ngongole ya kampani ili chiimire. Kubisa fodya woipa pakati n'kuphimba ndi wabwino ndi mlandu womwe a Tobacco Commission, bungwe loyang'anira malonda a fodya, amalanga, ndipo dzina lanu likada kwa wogula kulitsuka n'kovuta. Podinda musakanikize jeke mopitirira poganiza kuti mulowetse zambiri. Fodya wofinyidwa kwambiri amamatana, amada, ndipo wogula amamuona ngati wowonongeka. Jekeyo poti mwina ndi ya kalabu, lembetsani tsiku lanu msanga, ndipo tsikulo lifike fodya atasankhidwa kale. Kusankha jeke ili pakhomo, mwini wake akukuyang'anani, ndi kumene kumabala mabelo ngati a chaka chatha aja.

Pa nkhani ya ndalama zamsanga, yambani ndi fodya wapansi. Ndi amene anauma kalekale, ndipo ndi amene msika umayamba naye. Belo limodzi kapena awiri oyambawo apite, otsalawo azitsatira pamene mtedza uli kale pa mulu.

Pali chinthu chimene alimi osunga ziweto amagwa nacho kuposa anzawo: zinyalala za m'belo. Nkhuku zimakonda chigafa, kuli mthunzi, kuli pobisala, zina zimaikira mazira pa mulu wa fodya pomwe. Nthenga imodzi ndi yokwanira. Mbuzi nazo zikamasulidwa zimalowa n'kumasolola masamba a m'munsi. Tchingani chigafa ndi mpanda wa mapesi kapena minga zisanamasulidwe. Choopsa koposa ndi pulasitiki, makamaka ulusi wa matumba a feteleza. Musakhalire thumba lotero posankha, musaphimbire fodya, musasokere belo ndi ulusi wake. Ku fakitale ulusiwo umaduka tizidutswa tosaoneka, n'chifukwa chake ogula sachita nawo chibwana. Fodya amakokanso fungo: palafini, utsi wa kukhitchini, sopo, mankhwala a ziweto. Ndipo musamusunge m'chipinda chogona, ngakhale mukuopa akuba. Fumbi lake ndi fungo lake si zoti ana azipuma usiku wonse.

Mwatchula mphwanu. Ngati sanakwane zaka 18, malamulo a dziko lino salola kuti agwire ntchito ya fodya, ndipo kontirakiti yanu imanenanso zomwezo. Si nkhani yongoopseza: mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kuimitsa fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito, ndipo kuchokera pamenepo makampani amayendera minda ndi maso ofiira. Kupatula malamulo, chikonga cha m'fodya chimalowa pakhungu, makamaka tsamba likakhala laliwisi ndi lonyowa, munthu n'kumamva chizungulire ndi nseru. Ana akaweruka kusukulu angathandize kumwetsa nkhuku ndi kutola mazira. M'chigafa ayi.

Ziweto zisamalidwe madzulo, koma pali ntchito zitatu zoti zichitike m'miyezi ino ya Epulo ndi Meyi, zomwe zonse pamodzi sizitha tsiku. Mbuzi zachoka m'dzinja zitadya pa malo amodzimodzi pa chingwe, ndiye m'mimba muli njoka. Gwirani imodzi imodzi, mutsitse chikope cham'munsi ndi chala. Mkati mukakhala mofiira bwino, ili ndi magazi. Mukakhala motuwa, kapena pansi pa chibwano patatupa ngati muli madzi, njoka zayimwa magazi, ndipo imeneyo ndi yoyamba kumwetsedwa. Mankhwala monga albendazole amapezeka, koma funsani alangizi a ziweto za muyezo, chifukwa wochepa umangozoloweretsa njoka, ndipo mankhwala amenewa sayenera mbuzi yomwe yangotenga kumene bere. Ichi n'chifukwa chabwino chomwetsera zisanamasulidwe. Ng'ombe zomwe zimadya kudambo zimafunanso mankhwala a tizilombo ta m'chiwindi. Ndipo nkhupakupa zikadali zambiri mwezi uno; yang'anani m'makutu ndi pansi pa mchira, musadumphitse kusambitsa chifukwa cha fodya. Ng'ombe imodzi ikafa ndi East Coast Fever, matenda ofalitsidwa ndi nkhupakupa, ndalama ya mabelo angapo yapita, ngolo n'kuima.

Ng'ombezo mwezi uno zikhala pa goli pafupifupi tsiku lililonse, zanu ndi za matola. Ndalama ya matola ndi yokoma, koma izi ndi ng'ombe zomwezo mudzazifune zamphamvu mu Novembala. Zigwire m'mawa ndi chakumadzulo, masana zidye ndi kumwa, ndipo muziyang'ana pakhosi pomwe goli limakhuza. Kabala kakang'ono kakayamba, kulungani goli ndi nsanza, ipume masiku angapo.

Nkhumba ikhale m'khola, osatuluka. Nyengo ya ndalama za fodya ndi yomwe nyama ya nkhumba imayenda kwambiri pa njinga kuchoka msika uno kupita uja, ndipo chigodola, chomwe m'chigawo chapakati sichichoka, chimayenda nayo. Kuno chilibe katemera, chilibe mankhwala. Ogula nkhumba asalowe m'khola, ndipo madzi otsukira nyama yogula kumsika asathiridwe m'chakudya chake. Chinanso: musaponye mitengo ya fodya m'khola la nkhumba kuti izitafuna kapena kugonera. Alimi a fodya wa bale ku Kentucky, ku America, anaona kalekale kuti nkhumba za bere zomwe zinatafuna mitengo ya fodya zinkaswa ana opindika miyendo. Chimodzimodzi madzi onyika zinyenyeswa za fodya omwe ena amasambitsira mbuzi ndi ana a ng'ombe pofuna kupha utitiri: chikonga chimapha utitiri, inde, koma chimalowanso m'thupi la chiweto, ndipo palibe amene amadziwa muyezo wake m'ndowamo. Nkhuku zilandire katemera wa chitopa, wa I-2 uja wodontheza m'diso, miyezi inayi iliyonse. Ngati za kwanu zinalandira mu Malichi, wotsatira ndi wa Julayi. Sungani kandalama kake pa belo loyamba.

Ntchito ina yomwe imaiwalika chifukwa siibweretsa ndalama lero ndi kuzula mitengo ya fodya. Mukatha kuthyola, mitengo ija imaphukanso, ndipo mphukirazo zimasunga nsabwe za m'masamba zomwe zimafalitsa matenda opinimbiritsa fodya aja a bushy top, pamene mizu yake ikudyetsa tinjoka ta m'nthaka totupitsa mizu. Mukaisiya, mukuwetera matenda nazale yanu ndi ya anansi. Malamulo a fodya amafuna kuti izulidwe, ndipo alangizi a ARET, bungwe lofufuza za ulimi wa fodya, amakumbutsa chaka ndi chaka. Zulani nthaka isanaume, mizu iyang'ane kudzuwa. Mochedwa mudzafuna khasu pa mtengo uliwonse. Mitengoyo isapite kudimba la tomato kapena pa malo a nazale, chifukwa fodya ndi tomato amadwala matenda ofanana.

Tsopano funso lanu lenileni, logulitsa mbuzi. Gulitsani. Ndikunena mosazengereza chifukwa njira zina zomwe anthu amatsata pofuna ndalama ya aganyu ndi zoipa kuposa: katapila, kapena kugulitsa fodya kwa mavenda usiku pa mtengo wolira, pamene fodyayo ndi wa kontirakiti ndipo ngongole ya feteleza idzadulidwabe pa mabelo otsalawo. Mwezi uno mbuzi zili ndi thupi kuposa mmene zidzakhalire mu Okutobala, ndipo ndalama zayamba kuyenda m'misika. Mbuzi yomweyo mu Okutobala idzagulidwa motchipa itadya kale masangwi a zinzake. Koma sankhani yogulitsa. Ichoke yaimuna yofula, kapena yaikazi yokalamba yomwe mano atha. Zazikazi zoswa bwino musazikhudze. Imodzi, mwina ziwiri. Zotsalazo zidzadya bwino.

Ndalamayo aganyu agwire ntchito ya mphamvu yomwe siifuna diso: kukumba mtedza, kudula chimanga, kuzula mitengo ya fodya, kumweta udzu. Mugwirizane pa mizere, osati pa tsiku. Kusankha fodya kukhale kwa inu ndi mayi, chifukwa waganyu wolipidwa pa kuchuluka kwa fodya amathamanga, ndipo belo likabwerera iye alibe nalo kanthu. Ndinenepo pang'ono za mayiwo: m'mabanja ambiri amene ali ndi diso la magiredi ndi mayi, koma ndi omwewonso akutunga madzi, kuphika, ndi kuthothola mtedza. Ngati m'mawa muwafuna m'chigafa, madzi atungidwe madzulo pa ngolo, ndipo pepala la malonda likabwera muliwerengere limodzi. Munthu amasankha bwino fodya yemwe akudziwa kuti ndalama yake aiona.

Pomaliza pake, ngati mutachita zonsezi n'kuona kuti anthu atatu mukulepherabe, vuto lili pa kadzalidwe. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mtedza wocha msanga, soya ndi fodya wakunsonga zonse zimafika pa sabata zomwezo. Chaka chamawa dzalani CG7 m'malo mwa mtundu wocha msanga, kuti kukumba kudzabwere soya atachoka kale ndipo mantha a kumera achepe. Pa munda womwe mwachotsa fodya chaka chino musabwerezepo fodya. Papite chimanga, ndipo kachigawo kena mudzalepo udzu wa Katambora Rhodes, womwe umachepetsa tinjoka ta m'nthaka tija uku ukukupatsani udzu womweta wa ng'ombe. Ndipo nthawi yolembetsa ikafika, alangizi a kampani akakufunsani ngati muwonjezere fodya, yang'anani kaye kukula kwa chigafa ndi manja omwe muli nawo. Ndi anthu atatu, ekala imodzi ndi yokwana.